Dimba la Pasukulu M'chigwa cha Shire: Tibzale Ndiwo Zanji M'nyengo Yotentha?

Chaka ndi chaka, tikamayendera ophunzira athu amene atumizidwa kukayesera ntchito ya uphunzitsi m'sukulu za m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, timakumana ndi chinthu chimodzi chimene chimatimvetsa chisoni. Kuseri kwa makalasi timapezako mabedi okonzedwa mwaluso, owongoka bwino chifukwa anayezedwa ndi chingwe, ndipo bedi lililonse lili ndi kachikwangwani kake: kabichi, repu, karoti, matimati. Koma pamabedipo palibe chimene munthu angathyole n'kukaphika. Mbande zambiri zinapserera sabata yomwe zinawokeredwa, ndipo zimene zinapirira zangokhala zofota, nsabwe zitadzaza kunsi kwa masamba.

Pa sukulu ina ya kufupi ndi Ngabu tinapeza mnyamata wakhama kwambiri, wochokera kumapiri a ku Dedza, ataima pakati pa dimba lotere chakumapeto kwa Okutobala. Ana a Sitandade 6 anali atatunga madzi kwa masabata 6. Titamufunsa chimene chinachitika, anatitulutsira buku ndi kutisonyeza kuti sanaphonye kanthu: kutalikirana kwa mbande, kuya kwa mapando, kuchuluka kwa manyowa, zonse anatsata. Ndipo ananena zoona. Chimene sanachione n'chakuti pafupi ndi mjigo, pamene pamayenderera madzi otayika, panali bonongwe wofika m'mawondo, wobiriwira bwino, wosabzalidwa ndi munthu, amene iye mwini anali atalamula ana kuti amuzule chifukwa ankaipitsa bwalo.

Nkhani ino talembera inu amene posachedwapa mudzapatsidwa kalasi, makasu ndi kachigawo ka malo kuseri kwa sukulu. Dimba likalephera, si ndiwo zokha zimene zimatayika. Mwana amene wasenza ndowa padzuwa la ku Nsanje kwa mwezi wathunthu, osaona ngakhale tsamba limodzi likulowa mumphika, amaphunzirapo ndithu. Koma chimene amaphunzira n'chakuti ulimi wa m'buku ndi wabodza, ndi kuti phunziro la ulimi ndi chilango chabe. Maganizo otere akakhazikika mumtima mwa mwana, n'kovuta kuwazula.

Chigwa n'chosiyana ndi kumtunda

Aliyense amene anayendapo pamsewu wochokera ku Blantyre kupita ku Chikwawa amadziwa mmene mpweya umasinthira galimoto ikamatsetsereka mapiri aja kulunjika pa mlatho wa Kamuzu. Mzinda wa Blantyre uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera panyanja yamchere. Boma la Chikwawa lili pa mamita 100 okha kapena kuposerapo pang'ono, ndipo kumalire a Nsanje, kumene Shire amatulukira kulowa m'dziko la Mozambique, ndiko kotsika kuposa malo ena onse m'Malawi, mamita 37. Munthu akatsika mamita 1,000, kutentha kumakwera ndi madigiri pafupifupi 6. Motero tsiku limene ku Blantyre kwatentha madigiri 33, ku Nchalo ndi ku Bangula kumakhala kukuyandikira 40. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, mvula isanagwe, si chachilendo kuti masana kutenthe kupyola madigiri 40, ndipo usiku nakonso sikuzizira kwenikweni.

Chigwachi si chipululu ayi. Mvula imagwa, mamilimita 600 mpaka 800 pachaka m'malo ambiri, ndipo nthawi zina imadza yowononga, monga tinaonera pa madzi osefukira a mu Januwale 2015, ndiponso pa anamondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Koma kuyambira Meyi mpaka Novembala mvula imakhala itatseka, ndipo madzi amene dzuwa ndi mphepo zingathe kuumitsa pachaka ndi ochuluka koposa amene mitambo imabweretsa. Kwa mbande imene ili pabedi mu Okutobala, kusiyana kwa Ngabu ndi chipululu n'kochepa. Tingachite bwino kuona zimene amachita anthu a m'mbali mwa mtsinje wa Nile ku Sudan ndi ku Egypt. Iwo amalima kabichi ndi anyezi m'miyezi yozizira, koma kukatentha amatembenukira ku therere lobala ndi ndiwo ina yoterera imene amaitcha molokhia, imene ndi mbale wake wa denje wathu yemweyu.

Malangizo a ulimi wa ndiwo zamasamba amene ali m'mabuku athu ndi abwino, koma ambiri anakulira m'malo ozizirirapo. Malo aakulu ofufuzirako za mbewu za m'dimba m'dziko muno ali ku Bvumbwe, m'boma la Thyolo, pamtunda wa mamita oposa 1,000, ndipo alimi otchuka a kabichi ndi matimati ali ku Ntcheu, ku Dedza ndi ku Thyolo komweko. Buku likanena kuti kabichi amalimidwa m'chilimwe mothirira, silinama. Koma chilimwe cha ku Lizulu si chilimwe cha ku Makhanga. M'chigwa, nyengo ya kabichi, repu, mpiru, karoti, anyezi ndi matimati aakulu ndi ya chisanu: kufesa mu Malichi ndi Epulo, kukolola kuyambira Juni mpaka Ogasiti kapena Seputembala. Vuto lathu ife aphunzitsi n'lakuti chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala, pamene nyengoyo ikutha. Mphunzitsi watsopano amafika ndi changu chake chonse panthawi imene alimi a m'mudzimo akumaliza kuzula zitsa za kabichi wawo.

Chimene kutentha kumachita pa mbewu

N'kofunika kuti inu eni mumvetse bwino chimene chimachitika, popeza ana adzakufunsani. Tsamba lili ndi timabowo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, makamaka kunsi kwake. Kudzera m'timabowoti mbewu imalowetsa mpweya wa kaboni umene imapangira chakudya chake, ndipo kudzera momwemonso imatulutsa madzi ngati nthunzi. Kutuluka kwa madziko n'kumene kumaziziritsa tsamba, monga thukuta limachitira pathupi pathu. Dzuwa likamaswa mtengo, madzi amatuluka mofulumira kuposa mmene mizu ingawakokere. Tsono mbewu imatseka timabowo tija kuti isafe. Ikatseka, mpweya sulowanso, chakudya sichipangika, ndipo tsamba limayamba kupsa chifukwa lasiya kudziziziritsa. N'chifukwa chake kabichi wa mu Okutobala amatha kufota masana ngakhale dothi lili lonyowa, ndipo mphunzitsi wosadziwa amangowonjezera madzi mpaka mizu kuola. Kabichi kwawo ndi m'mphepete mwa nyanja za ku Ulaya, ndipo amakula bwino pa madigiri 15 mpaka 20. Pa madigiri 38 amangopirira, sakula, ndipo sapanga mutu wolimba.

Matimati ali ndi nkhani yawoyawo imene imasokoneza ambiri. Mitengo yake imatha kuoneka yathanzi, yamasamba ambiri, n'kuchita maluwa ochuluka, koma osabereka. Chimene chimawonongeka ndi mungu. Masana kukamatentha kupyola madigiri 32 mpaka 35 kwa masiku otsatizana, usiku nakonso osatsika bwino, mungu umafa kapena umalephera kumera paduwa, ndipo duwalo limauma pakhosi n'kuyoyoka. Palibe feteleza kapena mankhwala amene angachiritse zimenezi. Nyemba nazonso zimataya maluwa mwa njira yomweyi. Pamwamba pa izo, nyengo youma ndi yotentha ndiyo imene timakangaude tofiira timaswana kwambiri pa matimati, nsabwe nazo pa repu, ndipo mpiru umathamangira kuchita maluwa n'kuyamba kuwawa. Timatimati ting'onoting'ono tija timamera tokha m'mbali mwa nyumba timapirirako. Ngati ana akufunitsitsa matimati, yambani ndi amenewo.

Tsono bonongwe uja wa pamjigo amapulumuka bwanji? Pali gulu la zomera limene lili ndi njira ina yogwirira mpweya wa kaboni. Zimautenga ndi kuuunjika m'kati mwa tsamba, kotero kuti zimapitiriza kupanga chakudya ngakhale timabowo titatsekeka pang'ono. Njirayi inafotokozedwa bwino mu 1966 ndi akatswiri awiri, Hatch ndi Slack, ku Australia, pofufuza masamba a nzimbe, ndipo zomera zotere zimatchedwa za C4. M'gululi muli nzimbe, chimanga, mapira ndi mchewere, ndiye kuti mbewu zomwe zija zimene zadzaza chigwachi kuyambira m'minda ya nzimbe ya ku Nchalo mpaka m'minda ya mapira ya ku Nsanje. Ndiwo zamasamba za m'gululi n'zochepa, koma ziwiri mwa izo tili nazo pakhomo: bonongwe ndi luni. Kuti zikule mofanana ndi zomera zina, zimenezi zimamwa pafupifupi theka la madzi, ndipo dzuwa limene limafooketsa kabichi ndilo limene izo zimakulira.

Zoyenera kubzala

Ife, tikanapatsidwa bedi limodzi lokha mu Seputembala, tikanafesa bonongwe. Njere zake n'zazing'ono kwambiri, choncho muzisakanize ndi mchenga wouma kuti zisagwere pamodzi, muzifese m'mizere yotalikirana masentimita 20 kapena 30, ndi kuzikwirira pang'ono chabe. Musavutike ndi nazale. M'nyengo ino kuwokera kulikonse n'kuika mbande pachiswe, ndipo mbewu imene yamerera pamalo pake imazika mizu msanga. Pakatha masabata 3 kapena 4 mumayamba kupatulira, ndipo zimene mwazulazo ndiye ndiwo zoyamba. Otsalawo muziwadula nsonga kuti aziphuka nthambi. Bonongwe amadya kwambiri, choncho amafuna manyowa owola bwino, amene m'chigwa cha ng'ombe ndi mbuzi ngati chimenechi sasowa. Kunena za thanzi, masamba obiriwira kwambiri ngati amenewa ali ndi ayironi, kashiamu ndi zopangira vitamini A zochuluka koposa masamba otuwa a m'kati mwa mutu wa kabichi. Ana ayenera kumva zimenezi kuchokera pakamwa pa mphunzitsi, chifukwa ambiri anakula akumva kuti bonongwe ndi ndiwo za munthu wosowa.

Luni amalimidwa chimodzimodzi, koma ali ndi khalidwe limodzi lofuna kulidziwa: njere zongokolola kumene zimamera mwa apo ndi apo, pamene zimene zasungidwa miyezi ingapo zimamera bwino. Funsani amayi a m'mudzi njere za chaka chatha. Maluwa ake muzibudula akangooneka, kuti apitirize kutulutsa masamba. Kuwawa kwake ana ena sakukonda, koma wotendera ndi nsinjiro amadyeka ndithu.

Therere lobala silili m'gulu la C4, koma limakonda kutentha kuposa pafupifupi ndiwo ina iliyonse imene timalima, ndipo muzu wake wapakati umatsika kukafuna chinyezi. Viikani njere m'madzi usiku umodzi, mubzale ziwiri kapena zitatu paphando, mapando atalikirane masentimita 30 m'mizere yotalikirana masentimita 60, ndipo pakatha masabata pafupifupi 8 mudzayamba kuthyola. Apa pali chenjezo. Therere limafuna kuthyoledwa masiku awiri kapena atatu alionse. Limene mwalisiya Lachinayi mudzalipeza Lolemba litakhwima ngati mtengo, ndipo chomera chimene chasiyidwa ndi zokhwima chimaleka kubereka. Choncho Lachisanu likhale tsiku lothyola. Likachita maluwa, tengerani ana kudimba ndi kuwafunsa kuti duwalo likufanana ndi la mbewu iti. M'chigwa cha thonje sadzachedwa kuyankha. Mbewu ziwirizi n'zapachibale, ndipo tizilombo tambiri ta thonje timagwiranso therere. Motero musalibzale pafupi ndi munda umene zitsa za thonje sizinazulidwe. Musalibzalenso pabedi pamene pangochoka matimati, chifukwa zonse ziwiri zimagwidwa ndi timinyongolotsi tija timatupitsa mizu.

Khobwe kwawo ndi kuno ku Africa, ndipo amadziwa chilala. Mukamubzalira chitambe, mubzale mothithikana, ndipo muyambe kuthyola masamba anthete pakatha masabata 3 kapena 4. Sasowa manyowa ambiri, pakuti m'mizu yake muli timaphundu m'mene mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso timene timatenga nayitirojeni mumpweya. Kuzula chomera chimodzi, kutsuka mizu ndi kung'amba kaphundu kuti ana aone kufiirira kwa m'kati mwake, ndi phunziro limene silidzaiwalika. Chitambe chotsala chifutsidwe. Dzuwa la Novembala, limene likutivutitsa kwina konseku, pa mfutso ndiye bwenzi.

Pa kholowa tikufuna tichedwepo pang'ono, chifukwa apa dimba la pasukulu lingathe kuthandiza mudzi wonse. Mbatata ikaphimba bedi, masamba ake amatchinga dothi kudzuwa, ndipo nsonga zake zimathyoledwa mobwerezabwereza. Koma phindu lalikulu lili kwina. Chaka chilichonse mvula ikagwa, mabanja ambiri amalephera kubzala mbatata msanga chifukwa mbewu yake inauma m'chilimwe kapena inadyedwa ndi mbuzi. Sukulu imene yasunga mabedi awiri a mbatata kuyambira Seputembala imakhala ndi mbewu yogawira ana mu Disembala. Ngati mungapeze, kudzera kwa mlangizi wa zaulimi wa m'deralo, mitundu yofiira m'kati monga Zondeni, Chipika kapena Kadyaubwerere, imene ili ndi vitamini A wambiri, mudzakhala mutachita ntchito imene makolo adzaikumbukira inu mutachoka.

Zina tingozitchula mwachidule. Nkhwani umafota masana n'kudzuka madzulo. Umamwa madzi ambiri, choncho malo ake ndi dzenje la manyowa kumapeto kwa ngalande ya mjigo. Mabiringano amapirira kutentha kuposa matimati. Chidede ndi denje zimakula bwino, ndipo mbewu yake ili m'midzi. Mavwende amakonda chigwachi, koma amafuna malo aakulu ndi miyezi pafupifupi itatu, ndipo pasukulu yopanda mlonda amatha asanapse, ife sitiwalimbikitsa. Pampanda zikani nthambi za cham'mwamba, umene anthu a m'chigwa amautcha sangowa ndipo akhala akudya masamba ake kuyambira kale, mabungwe asanayambe kuutamanda. Umagwira kuchokera ku nthambi yodula, ndipo ukadulidwa nsonga umaphuka masamba pamene ana angathe kufikira.

Musanasankhe mbewu iliyonse, werengani masabata. Kuchokera potsegulira sukulu mu Seputembala kufika potsekera mu Disembala pali masabata 13 kapena 14, ndipo awiri oyamba amathera pa kulembetsa ana ndi kumanga mpanda. Kabichi amafuna mwezi umodzi ku nazale ndi miyezi iwiri ndi theka kapena itatu pabedi. Ngakhale akanapirira dzuwa, akanapsa ana ali kutchuthi.

Madzi ndiwo amalamula kukula kwa dimba

Cholakwa chachiwiri chimene timachiona, pambuyo pa kusankha mbewu molakwa, ndicho kulima dimba lalikulu kuposa madzi amene alipo. Apa masamu amatithandiza, ndipo ndi masamu amene ana a Sitandade 7 angathe kuchita okha pabolodi. Milimita imodzi ya madzi pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Tiyerekeze kuti patsiku lotentha ndi lamphepo bedi lodzaza masamba likutaya mamilimita 8. Bedi la mita imodzi m'lifupi ndi mamita 5 m'litali lidzafuna malita 40, ndiye kuti ndowa ziwiri za malita 20, tsiku lililonse, Loweruka ndi Lamulungu lomwe. Mabedi 20 adzafuna ndowa 40, malita 800. Madzi amenewo adzachokera pamjigo womwewo pamene amayi a m'mudzi amaima pamzere kuyambira m'bandakucha, ndipo mphunzitsi amene sanayambe wakambirana ndi komiti ya mjigo adzadana ndi mudzi mwezi usanathe. Mabedi anayi kapena asanu osamalidwa bwino amaphunzitsa zonse zimene mabedi 20 akanaphunzitsa.

Lawaninso madziwo. M'madera ambiri a Chikwawa ndi Nsanje madzi a pansi pa nthaka ndi amchere, ndipo pali mijigo imene anthu anaisiya chifukwa cha chimenechi. Madzi otere akathiridwa pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, dzuwa limaumitsa madziwo n'kusiya mchere pamwamba, ndipo mudzaona choyera m'mphepete mwa bedi, mbewu zikupsa m'mbali mwa masamba. Nyemba ndizo zimayamba kufa. Ngati mchere uli wochepa, kuthirira kwambiri kamodzi pakanthawi kumautsitsira pansi pa mizu; ngati madziwo munthu sangamwe, musayambe n'komwe dimba pamenepo. Ndipo tinene mosabisa: mwana asatumidwe kukatunga madzi a dimba mu Shire kapena m'madambo ake. Muli ng'ona, muli mvuu, mulinso likodzo.

Kapangidwe ka bedi nakonso kasinthe. Mabedi okwera amene timajambula pabolodi ndi a nyengo ya mvula, pamene tikufuna kuti madzi achoke. M'chilimwe tikufuna kuti akhale. Choncho bedi likhale lolowa pansi masentimita 10 kapena kuposerapo pang'ono, ndi mlambala wa dothi kuzungulira. Alimi a kumpoto kwa Burkina Faso, m'mphepete mwa chipululu cha Sahara, amabzala m'maenje a manyowa otchedwa zai, njira imene Yacouba Sawadogo anaitsitsimutsa m'zaka za m'ma 1980 ndipo inamupezetsa mphoto ya Right Livelihood mu 2018. Nzeru yake ndi yomweyi. Kumene kuli dothi lakuda la makande, monga kufupi ndi Ngabu, samalani: likauma limang'ambika ming'alu imene imameza madzi ndi kudula mizu, ndipo likanyowa kwambiri limamata. Manyowa ambiri ndi kuphimbira ndizo zimalifewetsa.

Kuphimbira ndi udzu wouma, mapesi kapena masamba a nzimbe n'chinthu chimene sitingachinene mokwanira. Chiswe chidzabwera, inde, koma kawirikawiri chimayamba ndi zouma. Ingoonetsetsani kuti zophimbirazo zisakhudze tsinde. Pa mbewu zongomera kumene, kachisakasa ka udzu wapatalipatali, kofika m'chiuno, kamathandiza sabata yoyamba ndi yachiwiri, kenaka kachotsedwe. Mpanda wa bango kapena mapesi a mapira umatchinga mbuzi ndiponso mphepo yotentha imene imaumitsa masamba. Pali njira inanso yakalekale, imene Atchaina analemba zaka zoposa 2,000 zapitazo: kukwirira mtsuko wadothi mpaka m'khosi pakati pa mbewu, kuudzaza madzi ndi kuuvundikira. Madzi amatuluka pang'onopang'ono kudzera m'dothi la mtsukowo, molunjika kumizu. Mitsuko iwiri kapena itatu pabedi la therere ingapulumutse mbewu pa Loweruka ndi Lamulungu.

Kuthirira kuchitike m'mamawa belu lisanalire, kapena dzuwa litapendeka, kwa ana okhala pafupi. Taonapo makalasi akutulutsidwa ndi makasu dzuwa lili paliwombo chifukwa chakuti ndandanda ya maphunziro yaika ulimi pa nthawi imeneyo. Kambiranani ndi mphunzitsi wamkulu kuti phunzirolo lisunthidwe. Anyamata ndi atsikana asenze ndowa mofanana, ndipo wochedwa kapena wolongolola m'kalasi apatsidwe chilango china, osati cha m'dimba.

Kuphunzitsa ndi dimbalo

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Anthu a m'chigwachi, Amang'anja ndi Asena, akhala akulima m'kutentha kumeneku kwa mibadwo yambiri. Wolemba mbiri Elias Mandala, m'buku lake la mu 1990 lonena za chigwachi, anafotokoza mmene moyo wawo unkatsamira pa minda ya mitundu iwiri: mphala, ya kumtunda yodalira mvula, ndi madimba a m'mbali mwa mtsinje, amene amabzalidwa madzi akaphwera. Mwana wa Sitandade 5 wa ku Chiromo kapena ku Marka amadziwa kale mwezi umene agogo ake amabzala maungu kudimba. Phunziro loyamba lisakhale lanu lolankhula. Tumani ana akafunse kwawo ndiwo zimene zimapezeka mu Okutobala ndi Novembala, abwere ndi tsamba la iliyonse ndi dzina lake, m'Chisena kapena m'Chimang'anja monga amaitchulira kwawo. Mudzalandira maina amene inu simunawamvepo. Alembeni pabolodi osawakonza. Jessie Williamson anachita ntchito yotere pa dziko lonse, ndipo buku lake la zomera zothandiza za m'Malawi, limene linatuluka mu 1955 n'kusindikizidwanso lowonjezeredwa mu 1975, mpaka lero ndi lothandiza kwa amene angalipeze. Ena mwa anawo apite kumsika wa Nchalo, Ngabu kapena Bangula akafunse ogulitsa kabichi wa mu Novembala kumene anamugula.

Kenaka lolani dimba liyankhe lokha. Mangani kathumba ka pulasitiki koonekera m'kati pa nthambi ya masamba m'mawa. Pofika nthawi yopuma mudzakhala madontho, ndipo simudzafunikanso kufotokoza zambiri za timabowo ta pamasamba. Masana, mwana aike dzanja padothi losaphimbira, kenaka pansi pa udzu. Ngati sukulu ili ndi choyezera kutentha, alembe manambala onse awiri tsiku lililonse kwa sabata imodzi. Pa matimati, mangani ulusi pa timagulu 10 ta maluwa, muwerenge maluwawo, ndipo pakatha masabata awiri muwerenge zipatso.

Izi zikutifikitsa pa kabichi uja. Sitikunena kuti asabzalidwe konse. Mphunzitsi wamkulu wina adzaumirira, pofuna kuti alendo ochokera ku boma akaone dimba looneka ngati la m'buku, ndipo inu, pokhala wophunzira chabe, simungakangane naye. Pemphani kuti kabichi apatsidwe bedi limodzi, bonongwe lina lofanana nalo kukula, manyowa ofanana, ndowa zofanana. Ana alembe m'kope tsiku lofesa, ndowa zimene zathiridwa pabedi lililonse, ndi mipukutu ya ndiwo imene yathyoledwa. Akamalosera poyamba kuti lidzapambana ndi liti, musawauze yankho. Pakutha pa teremu agawe ndowa ndi mipukutu, apeze kuti mpukutu umodzi unadya madzi ochuluka bwanji pabedi lililonse. Kopelo lisatayidwe, lisiyidwe mu ofesi kuti wodzalowa m'malo mwanu adzayambire pamenepo.

Mitambo ikayamba kusonkhana chakumapeto kwa Novembala, konzekerani kusintha. Mabedi olowa pansi aja, amene anakusungirani madzi, mvula yoyamba yamphamvu idzawasandutsa zithaphwi, makamaka pa makande. Gumulani milambala mbali imodzi kuti madzi azituluka. Siyani bonongwe, luni ndi therere zingapo zikhwime, ana apukuse njere, aziumitse pamthunzi, azisunge m'mabotolo ouma olembedwa dzina ndi tsiku. Sabata yotsekera, dulani mbewu ya mbatata m'zidutswa za masentimita 30, mwana aliyense atenge mtolo wake kupita nawo kwawo. Mapaketi a kabichi, repu ndi anyezi amene munabwera nawo asungidwe pamalo ouma ndi ozizirirapo mpaka Malichi.